Uthenga Umene Sindinafikitse kwa Bambo

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinasenza mfuti pamutu kuchokera kumsika wa pa Chulu mpaka kwathu, itabisidwa mkati mwa mtolo wa udzu. Anthu amene ndinkakumana nawo m'njira ankangoona kamtsikana kotuwa miyendo katasenza udzu wokafolera chigafa cha fodya, ndipo amayi ena anandiyamikira kuti ndine wolimbikira ntchito. Akanadziwa!

Mfutiyo inali ya malemu agogo aamuna, yakalekale, moti zipolopolo zake zinali zitasiya kupezeka. Chaka chimenecho anyani ochokera kunkhalango anatisautsa kwambiri. Ankabwera masanasana, ife tili kalikiliki kuthyola ndi kusoka fodya, n'kukhadzula chimanga chachiwisi mizere yathunthu. Bambo anapeza zipolopolo zisanu kwa munthu wina wodutsa, koma zinali zonenepa, sizinkalowa. Ndiye anaganiza zokulitsa bowo la paipi ya mfutiyo kuti zizilowa.

Ntchitoyo anaipereka kwa a Gondwe, mmisiri wokonza njinga ndi ngolo, munthu wakumpoto, wamfupi, woseka ndi aliyense. Ndinamva kuti poyamba anakana, koma kukanira bambo anga sikunali kophweka. Ndinene mosabisa, bambo anali ankhanza. Pomenya sankasankha kuti uyu ndi mwana kapena mkazi wawo, ndipo ankagwiritsa ntchito chilichonse chimene chili pafupi. Mayi atangoyesa kunena kuti bwanji tikadandaule kwa oyang'anira nyama, diso lawo linatupa sabata yathunthu. Popeza mfutiyo inalibe mapepala, bambo anaona kuti woyenera kukaitenga ndine, chifukwa palibe amene amasecha mtolo wa mwana wamkazi.

Nditafika, a Gondwe anandilowetsa kuseri kwa kashedi kawo komwe kunkanunkha girisi ndi makala. Anakweza paipiyo kuloza kudzuwa, n'kusuzumira mkati kwa nthawi yaitali. Kenako anaigogoda ndi msomali, ndipo inalira ngati chitini chopanda kanthu. Tsiku limenelo sanaseke.

"Pulika, mwana iwe," anatero, akusakaniza ndi Chitumbuka chakwawo pondiuza kuti ndimvetsere. "Chitsulochi ndachidya mkati, chatsala chopyapyala, makamaka apa pogwira dzanja lamanzere. Ukawauze adada ako kuti asaiwombe ili m'manja. Ayambe aimangirira kumtengo, amange chingwe chachitali pokhethemulira, iwo akabisale kuseri kwa chulu n'kukoka ali komweko. Achite kawiri. Ikapirira, ndiye ainyamule. Wapulika?"

Anandibwerezetsa katatu asanandisenzetse mtolowo. Njira yonse ndinkalakatula mawuwo chamumtima monga tinkachitira ndi vesi la ku Sande sukulu, ndipo sindinaiwale ngakhale liwu limodzi.

Ndinawapeza bambo m'chigafa akupachika fodya, nkhope ili gwaa, chifukwa anyani anali atalowanso m'munda. Ndinatula mtolo, n'kugwada.

"A Gondwe akuti musai..."

"Akuti ndisatani?" anandidula. M'manja mwawo munali mkangala, ndodo yopachikira fodya ija, ndipo anaukweza. "Womata matayala ameneyo andiphunzitse ine mfuti ya bambo anga? Ndipo atume iwe, kamwana ka dzulodzuloli? Nena, akuti chiyani?"

Ndinayang'ana mkangalawo. Msana wanga unali usanapole zikwapu za sabata yapitayo.

"Akuti yatha bwino," ndinatero.

Anautsitsa, n'kuyamba kumasula udzu uja akumwetulira. Ine ndinadzuka mtima uli m'malo kuti ndapulumuka. Ndinadzinamiza kuti bambo ndi munthu wamkulu, za kumtengozo azidziwa okha.

M'mawa mwake dzuwa litakwera, ndinali kumunda kuingitsa anyani. Anyaniwo atatulukira ndinaimba chigubu, ndipo bambo anabwera akuthamanga pamodzi ndi mng'ono wawo, bambo aang'ono a Lufeyo. Bambo anagwada pakati pa mizere, n'kulozetsa mfuti kwa chinyani chachimuna chimene chinakhala pachulu chikudya chimanga chathu mosatekeseka. Ndinaona dzanja lawo lamanzere litagwira pamalo omwe aja analoza a Gondwe. Pakamwa panga panatseguka, koma mawu sanatuluke.

Kulira kwake sikunali kwa mfuti. Kunali ngati mphezi yagwa pakati pathu, ndipo makutu anga anatsekeka. Utsi utachepa ndinaona paipi ija itang'ambika ngati khoko la nthochi, bambo akugubuduka m'nthaka yonyowa, akukuwa ndi mawu amene ndinali ndisanawamvepo. Magazi anali atawazikira pamasamba a chimanga mpaka m'mwamba. Kachitsulo kena kanawang'amba tsaya mpaka pafupi ndi diso. Mumkwasa, pafupi ndi phazi langa, munali chala chokhala ndi chikhadabo chakuda ndi utomoni wa fodya. Ndinasanza pomwepo.

Mayi anafika akulira, anamanga dzanjalo ndi chitenje chawo, ndipo anthu anawakweza bambo pangolo kuti akapeze galimoto yopita kuchipatala ku boma. A Lufeyo sanapite nawo. Anaitana amuna atatu, aliyense anazula mpini pakhasu, n'kulunjika kwa a Gondwe. Ndinawatsatira chapatali, osadziwa chimene ndikukachita.

Sanapereke moni. Anagwetsa njinga za anthu zimene zinali pamzere, anamwaza zipangizo, n'kuwakokera a Gondwe pabwalo. Mipini inayamba kugwa pamsana, m'nthiti, m'mutu. Anthu anasonkhana koma palibe analeretsa, poti malaya a a Lufeyo anali ofiira ndi magazi a mkulu wawo. Ine ndinabisala kuseri kwa ngolo yakutha.

"Unkadziwa kuti chitsulo chatha!" a Lufeyo anakuwa, atawaponda pachifuwa. "Bwanji sunanene? Unkafuna aphedwe?"

A Gondwe anatembenuza mutu kuti alavule magazi, ndipo maso awo anagwera pa ine. Anandiyang'ana, ine n'kuwayang'ana. Dera lonse linkadziwa mmene ana a kwathu tinkamenyedwera, iwonso ankadziwa.

"Ndinaiwala," anatero.

A Lufeyo anagwira mkono wawo wamanja, anaugoneka pachitsulo chosulirapo, n'kutola hamala ya a Gondwe omwewo. Fupa linalira ngati phesi louma. Apo m'pamene mawu anga anatuluka, mochedwa.

"Anandiuza! Anati muimange kumtengo, mukoke ndi chingwe! Ndine amene sindinanene!"

A Lufeyo anabwera pamene ndinaima, n'kundiwomba mbama imene inandigwetsa pansi, moti khutu lakumanzere limandivutabe mpaka lero. Kenako anataya hamala ija. Anzawo aja anachoka mmodzimmodzi, mitu ili pansi, ndipo amayi ogulitsa tomato ndi amene anawanyamula a Gondwe.

Mayi anadzandiuza kuti kuchipatala bambo ndi a Gondwe anagonekedwa m'chipinda chimodzi, koma sanalankhulane. A Gondwe sanakasume, chifukwa nkhani ya mfuti ikanawamangitsa iwonso. Mkono wawo unalumikizana mokhota, sunathenso kugwira sipanala. Mvula isanagwenso anagulitsa zipangizo zawo n'kubwerera kwawo kumpoto. Ndinkaopa kudutsa pakhomo pawo, ndipo anachoka ndisanawapepese. Zimandiwawa mpaka pano.

Bambo anatuluka patatha masabata atatu, kudzanja lamanzere kutatsala zala ziwiri. Anali atamva zonse. Tsiku lachiwiri anandiitanira m'chigafa, ndipo ndinagwada ndikudziwa kuti lero ndafa.

"Bwanji sunanene?"

Sindidziwa kumene ndinatenga mphamvu. Mwina ndinali nditatopa ndi mantha.

"Ndinayamba kunena, bambo. Inu munakweza mkangala."

Ndinatseka maso kudikira chikwapu. Sichinabwere. Nditatsegula ndinawapeza akuyang'ana dzanja lawo lokulungidwa nsalu.

"Pita," anatero motsitsa.

Sindinganame kuti anasanduka munthu wofatsa. Ukali anapita nawo kumanda, koma ine sanandimenyenso.

Lero ndili ndi ana anga anayi, ndipo ndimalima fodya ku Kaomba. Inenso mtima wanga ndi wapachala, ndinatengera komweko. Koma mwana akabwera n'kuyamba kuti "akuti," ndimaika pansi chilichonse chimene chili m'manja mwanga, ngakhale chikhale chipande, mpaka amalize. Ndinaona ndi maso anga kuti munthu amene ana ake amamuopa amamva zokhazo zimene akufuna kumva, ndipo chenjezo limathera pakhomo pake.

Kwa zaka zambiri ndinkadzitonthoza kuti wolakwa anali bambo, ine ndinali mwana chabe. N'zoona, ndinali mwana. Komabe uthenga uja sunali wanga kuti ndiusinthe, ndipo amene analipira mantha anga ndi munthu yemwe ananama kuti anditeteze. Zikwapu zimene ndinazithawa tsiku lija zikanapola m'masabata ochepa. Mkono wa a Gondwe sunawongokenso.