Tsiku Limene Ndinalephera Kutulutsa a Magombo M'kalasi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha kalembedwe kanga. Nditamaliza mayeso a Fomu 4 ndinkangokhala pakhomo ku Lirangwe kudikira zotsatira, kwinaku ndikuthandiza amayi kugulitsa tomato pamsewu. Malondawo sindinkawatha, chifukwa sindidziwa kuitanira anthu. Lamulungu ndinkalemba mayina a ana a Sande sukulu m'kaundula. Tsiku lina Mayi Chikopa, amene timapemphera nawo koma amagwira ntchito pa koleji ina yaing'ono kufupi ndi Chileka, anatenga kaundulayo n'kumuyang'ana nthawi yaitali.

"Walemba apa ndani?"

Ndinadziloza pachifuwa.

"Umalankhula koma iwe?"

"Eya, mayi."

"Chabwino. Ine sindikufuna wolongolola, ndikufuna wosamala. Lolemba ubwere."

Ndinakwera minibasi mpaka ku Lunzu, kenako kabaza wa njinga yamoto. Mkati mwa sabata ndinkagona kwa azakhali anga ku Chileka, kumene ndege ikamatera makapu a m'kabati amagundana okha. Loweruka ndinkabwerera kwathu.

Ofesi ya Mayi Chikopa ndi imene imaona ngati aphunzitsi a pakolejipo akuphunzitsa bwino. Ine ndinkaganiza kuti munthu akafika pophunzitsa kukoleji palibenso womuyesa. Si choncho. Mphunzitsi amayamba ndi kontirakiti ya chaka chimodzi chimodzi. Akafuna kuti amulembe ntchito yokhazikika ndi kumukweza, amapereka fayilo, ndipo komiti imakhala kamodzi pachaka kuona mafayilowo. M'fayilomo mumakhala zimene iye wafufuza ndi kulemba, lipoti la mphunzitsi mnzake amene anakakhala kumbuyo kwa kalasi kumuonerera akuphunzitsa, ndiponso mafomu amene ophunzira ake adzaza. Mafomuwo ndi amene anali ntchito yanga.

Fomu yake ndi tsamba limodzi la mafunso khumi. Kodi aphunzitsi amafika nthawi yake? Amafotokoza zomveka? Amabweza msanga mapepala ochongedwa? Amalola mafunso? Wophunzira amachonga kuyambira 1 mpaka 5, ndipo m'munsi muli mizere itatu yolembapo zakukhosi. Dzina salemba. Ndinkanyamula envulopu ya khaki, selotepi, ndi kabokosi ka mabolopeni a buluu ofanana, kuti pasakhale wodziwika chifukwa cha inki yake. Ndikagawa mafomu ndinkadikira mphindi khumi ndi zisanu, kenako kutolera, kuona ngati akwana, kumata envulopu, ndipo ine ndi mtsogoleri wa kalasi tinkasayina pamwamba pa selotepiyo. Ku ofesi ndinkakopera mawu onse a ophunzira pa kompyuta, ndi zala ziwiri zokha, kuti mphunzitsi asadzaone zolemba pamanja za wina aliyense.

Pa envulopupo pankamatidwanso kapepala ka funso limodzi: Kodi mphunzitsi anatuluka m'kalasi? Inde kapena Ayi.

"Lamulo lalikulu ndi limeneli," anatero Mayi Chikopa tsiku loyamba, chala chili pa kapepalako. "Mphunzitsi atuluke. Kaya ndi dokotala, kaya ndi m'busa, kaya ndi amalume ako. Wamva?"

Ndinati ndamva. Ndili ndi kope limene ndimalembamo zimene zandichitikira tsiku lililonse, ndipo tsiku limenelo ndinalemba kuti ndaphunzira kumata envulopu komanso kuti kompyuta ndimaiopa. Za kutulutsa aphunzitsi sindinalembe, chifukwa sindinkafuna kuziganizira. Kwathu mwana sauza wamkulu kuti tulukani. Ngakhale mlendo amene watitopetsa akaimirira kuti azipita, timati, "Mwafulumira bwanji, khalani kaye." Mawu amenewa amatuluka okha, munthu usanaganize.

Masabata awiri oyamba zinkayenda bwino. Aphunzitsi ambiri akangoona envulopu ya khaki ankanyamuka okha, ena mokondwera kuti apeza mpata wokamwa tiyi. Ine ndinkangoima pambali pa chitseko, maso pansi. Ophunzira anandipatsa dzina loti Fomu Folo, ndipo ndinkayankha.

Mwa aphunzitsi onse, a Magombo okha ndi amene ankayamba kundipatsa moni. Anali aakulu kuposa bambo anga, a imvi mutu wonse, ndipo ankaphunzitsa za nthaka ndi ulimi wothirira. Anagwira zaka zambiri ntchito ya ulangizi m'midzi asanabwere kukoleji, ndipo chaka chimenecho ndi pamene anapereka fayilo yawo koyamba. Popeza mafomu amadzazidwa m'makalasi a okhawo amene apereka mafayilo, iwo anali asanaonepo mmene zimachitikira.

Ndinapita ku kalasi yawo Lachinayi lina kuli chiperoni. Mphepo inali yolowa m'mafupa, mvula ikungowaza osaleka. Kalasiyo inali kumapeto kwenikweni, chipinda chongomangidwa kumene, chopanda khonde. Ndinawapeza atakulunga mpango m'khosi, akutsokomola. Ndinagogoda, n'kupinda maondo.

"Eee, afika a mayeso anga," anatero, ndipo ophunzira anaseka. Anasonkhanitsa mabuku awo n'kundiyang'ana. "Ndiye ndikadikire panjapo, eti mwanawe?"

Ndinayang'ana panja. Panalibe pobisala, kupatula kamtengo ka mango kamene sikanafike n'komwe m'chiuno.

"Ayi bambo, khalani. Kunja kukuzizira."

"N'zololedwa koma?"

Apa ndi pamene ndikanakonza zinthu. Anandipatsa mpata wachiwiri, ndipo ndinauona. Koma ophunzira onse anali chete kundiyang'ana, ndipo ndinaona ngati ndikabweza mawu anga ndioneka wamwano kawiri.

"Palibe vuto," ndinatero.

Anatenga mpando, n'kukakhala pakona ya kumbuyo atayang'ana kukhoma, n'kuyamba kuchonga mapepala awo. Sanatembenuke ngakhale kamodzi, zimenezo ndingalumbire. Koma akatsokomola, makosi a ophunzira ankatembenuka. Ophunzirawo anamaliza mphindi khumi zisanakwane, ndipo potolera ndinaona kuti mizere ya m'munsi ija ambiri anaisiya yopanda kanthu.

Nditamata envulopu ndinafika pa kapepala kaja. Ndinaganiza kuti ndikachonga Ayi zioneka ngati a Magombo anakana kutuluka, pamene iwo anafunsa. Ndinachonga Inde.

Mtsogoleri wa kalasiyo anali mtsikana wamtali dzina lake Alinafe. Anasuzumira n'kundigunda ndi chigongono.

"Iwe Fomu Folo, wachonga Inde? Nanga akutsokomola pakonawo ndi mzukwa?"

"Sanayang'ane," ndinanong'ona.

"Zako izo. Bweretsa ndisayine, ine njala yandipweteka."

M'kope langa tsiku limenelo ndinalemba kuti kunazizira kwambiri ndipo ndinawachitira chifundo aphunzitsi ena. Ndimachita manyazi ndikawerenga mzere umenewo.

Sabata yotsatira ophunzira a kalasi ija anabalalika kupita m'midzi kukaphunzira akugwira ntchito, kwa miyezi iwiri. Koma asanapite, mmodzi wa iwo analowetsa kakalata kopanda dzina pansi pa chitseko cha ofesi. Analemba kuti anali ndi zodandaula koma sanathe kuzilemba, chifukwa aphunzitsi anali momwemo.

Lolemba m'mawa Mayi Chikopa sanandiyankhe moni. Anangoti, "Tiye," ndipo ndinawatsatira mpaka ku ofesi ya wapampando wa komiti, bambo wa magalasi amene ndinali ndisanalankhulepo naye. A Magombo anali atakhala kale, chipewa chili pa bondo. Envulopu yanga inali patebulo, siginecha yanga ikuoneka bwinobwino pa selotepi.

Wapampando anawerenga kakalata kaja mokweza, kenako anavula magalasi.

"A Magombo, munatuluka kapena simunatuluke?"

"Sindinatuluke."

"Chifukwa?"

Ndinadikira kuti andiloze. Sanandiyang'ane n'komwe.

"Kunkazizira," anatero. "Ndinayenera kudziwa ndekha. Ndine wamkulu."

"Nanga Inde uyu? Mwanayu munamuuza ndinu kuti achonge chonchi?"

"Zimene anachonga sindinazione."

"Mukudziwa kuti nkhani imeneyi ndi ya kalata ya chenjezo? Ndipo munthu amene ali ndi kalata yotere m'fayilo, kontirakiti yake ikatha sitimuwonjezera ina. Sitikukamba za kukwezedwa tsopano, tikukamba za ntchito yanu."

A Magombo anangotembenuza chipewa chawo. Ndinadziwa kuti ndikangokhala chete, palibe adzandifunse kanthu. Iwo anali atasenza kale mlanduwo, ndipo ine ndinali mwana chabe, woti aliyense akhoza kuganiza kuti anachita mantha. Ndinakhaladi chete. Sindidziwa kuti kwa nthawi yaitali bwanji, koma wapampando anali atatsegula kale bolopeni yake. Ndege inadutsa, tonse tinadikira kuti phokoso lithe, ndipo litatha ndinamva mawu anga akutuluka aang'ono ngati a mwana wa Sitandade 1.

"Anafunsa."

"Ukuti chiyani? Kweza mawu, mtsikana."

"Anafunsa ngati atuluke. Kawiri. Ine ndi amene ndinati akhale. Ndinati palibe vuto. Inde ndinachonga ndekha, iwo ali kumbuyo."

Mayi Chikopa anatseka maso.

"Tamanda, tsiku loyamba ndinakuuza chiyani?"

"Munati kaya ndi amalume anga."

"Ndiye awa ndi ndani ako?"

Misozi inali ikugwera pa nsapato zanga za kusukulu, zimene ndinkavalabe chifukwa ndinalibe zina.

Wapampando anatseka bolopeni. Anati kalata ya chenjezo sipakhala, koma mafomuwo sangagwiritsidwe ntchito. Mayi Chikopa anafunsa ngati angadzazidwenso. Wapampando anayankha kuti ophunzirawo ali m'midzi, ena ku Mwanza, ena ku Chikwawa, ndipo komiti ikhala Lachisanu lomwelo. Fayilo yopanda mafomu a ophunzira ndi yosakwanira. Iyenera kudikira chaka chamawa.

Titabwerera ku ofesi yathu, Mayi Chikopa sanandikalipire. Bola akanandikalipira. Anatsegula kabati, n'kutulutsa lipoti la mphunzitsi amene anakaonerera a Magombo akuphunzitsa, n'kuliika patsogolo panga.

"Werenga."

Linali lowayamikira kuyambira pamwamba mpaka pansi. Linkati amabweretsa dothi lenileni m'mabotolo kuti ophunzira aligwire, ndipo amadziwa aliyense ndi dzina lake.

"Ana aja amawakonda," anatero. "A Magombo akanatuluka, anawo akanalemba zomwezi, mwina zoposa. Wodandaula uja akanalemba zake, komiti ikanaona kuti ndi mmodzi. Koma tsopano ma 5 onsewa ndani angawakhulupirire? Lamulo lija ukuona ngati limateteza ophunzira okha?"

Ndinati ndisiye ntchito. Anati ayi, atsala makalasi asanu ndi limodzi, ndipo sapeza wina woti amuphunzitse kumata envulopu pakati pa sabata.

Masana ndinakawafuna a Magombo. Ndinawapeza ku kadimba ka koleji, kuseri kwa thanki, akutsegulira madzi m'ngalande ndi khasu. Ndinagwada pamatope pomwepo.

"Dzuka mwanawe, ukuwononga siketi."

"Pepani bambo. Ndinkafuna kukulemekezani."

"Ndikudziwa." Anatsamira pa mpini wa khasu. "Inenso usandione ngati woyera. Ndinafunsa kawiri chifukwa mtima unkandiuza kuti pali china chake. Koma ndinali nditazizidwa, ndiye yankho lako linandikomera."

"Mukanandineneza. Bwanji simunanene?"

"Ndinene kuti ndalakwitsidwa ndi mwana? Pamaso pa anzanga?" Anaseka pang'ono, kuseka kwawo kunathera m'chifuwa. "Waona, tonse matenda athu ndi amodzi."

Ndinafunsa ngati pali chimene ndingachite. Anapukusa mutu, n'kutseka ngalande imodzi ndi dothi, n'kutsegula ina.

"Palibe. Walankhula, ndipo ntchito ndikadali nayo. Kungoti chaka ndi chachitali kwa munthu wa imvi."

Sananene mokwiya. Ananena akuyang'ana madzi. Mawu amenewo sindinathe kuwalemba m'kope mpaka Loweruka, nditafika ku Lirangwe. Amayi anandifunsa chimene chandidetsa nkhope, ndipo nditawafotokozera anati, "Nanga ukanawatulutsa pamvula munthu wamkulu?" Ndinati eya, ndikanawatulutsa. Anandiyang'ana ngati ndabwera ndi chilankhulo chachilendo. Sindinawatsutsenso, chifukwa iwo ndi amene anandiphunzitsa ulemu, ndipo sanandiphunzitse zoipa. Koma ndikaganiza bwino, tsiku lija sindinkateteza chifuwa cha a Magombo chokha. Ndinkatetezanso nkhope yanga, kuti ndisaoneke mwana wopanda mwambo pamaso pa kalasi. Mtengo wake analipira ndi iwo.

M'makalasi otsalawo ndinasintha kachitidwe. Sindinkadikiranso kuti mphunzitsi afunse, chifukwa ndinadziwa kuti akafunsa pakamwa panga pandipereka. Ndikangogogoda ndi kupereka moni, ndinkanena nthawi yomweyo, envulopu ili m'manja: "Pepani aphunzitsi, ndikupempha mutuluke kwa mphindi khumi ndi zisanu." Ndinkabwereza mawuwa chamumtima njira yonse kuchokera ku ofesi. Ambiri ankangotuluka. Mmodzi, dokotala wa suti yakuda, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Kamwana aka n'kachipongwe bwanji," ndipo kalasi yonse inaseka. Ndinachita manyazi, koma ndinagwira chitseko mpaka anatuluka.

Manyazi amenewo anatha ndisanafike n'komwe ku ofesi. Koma a tsiku la chiperoni lija ndikadali nawo, ndipo a Magombo akadali pa kontirakiti.