Nambala ya Pansi pa Pikapu ya Abambo

Ganizo lopita ku Joni ndidalipanga ndili chigonere pansi pa pikapu ya abambo, oilo akundidonthera kumaso. Ndidali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, satifiketi ya Fomu 4 ikudyedwa ndi mphemvu m'sutikesi, ndipo ntchito yanga idali yopatsira masipanala basi. Anzanga awiri adali atangobwerako kumeneko ndi nsapato zoyera mbee ndi mafoni aakulu ngati mbale. Ndidatuluka pansi paja, n'kupukuta manja m'buluku, n'kuwauza abambo kuti ine ndikupita.

Abambo, a Mbewe, adayamba amaliza kumanga waya wa batire.

"Ndiye nsomba za ku Mbenji adzandinyamulira ndani ndikakalamba?"

"Ndikakutumizirani galimoto yatsopano, bambo. Chiphapha ichi mudzachipumitse."

"Chiphapha ndi iweyo," adatero akuseka. "Iyi ndi imene yakulera."

Sadaname. Pikapu ija idali yobiriwira, ya nyali zozungulira, yaikulu msinkhu kuposa ine. Adaigula kwa mzungu wina wa esiteti cha ku Chitala pomwe ankabwerera kwawo. Mzunguyo adali nazo ziwiri zofanana, ndipo inayo adagula a Che Saidi, mnzawo wa abambo pa geni ya nsomba. Anthu a m'mudzi mwathu kunyanja kuno ankazitcha mapasa. Ankati wina amapemphera Lachisanu, wina Lamulungu, koma onse amanunkha usipa.

Tsiku lonyamuka adandiperekeza pa pikapu yomweyo mpaka pa depoti ku boma. Sadatsike. Adangotulutsa chigongono pawindo monga mwa chizolowezi chawo, n'kunena kuti, "Zikakavuta usakabise." Ndidavomera ndi mutu, mtima uli kale m'basi.

Ku Joni sindidakhalitse, ndidatsetserekera ku Kepu. Kumeneko ndidapeza ntchito yotsuka magalimoto pa yadi ina yogulitsira magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito. Tinkagona anayi m'kanyumba ka malata komwe mphepo inkalowa osaodira. Nyanja iliko, inde, koma madzi ake sungamwe, sungachapire, ndipo kuzizira kwake kumafika m'mafupa. Lamulungu ndilo linkandivuta kwambiri. Anzanga akapita kokamwa, ine ndinkakhala pakhomo foni ili m'manja, kusowa munthu woti angonditchula dzina langa molondola.

Zimenezi kumudzi sindidawauzepo. Ndikatsuka galimoto yokongola, ndinkavula ovolosi, n'kutsamira pa boneti, mnzanga n'kundijambula. Ndalama ndinkatumiza mwezi ukatha, nthawi zina nditadzimana chakudya cha masana sabata yathunthu, koma m'mauthenga ndinkangoti zonse zili bwino. Galimoto yatsopano ija idathera m'kamwa momwemo.

Abambo nawonso ankatumiza zithunzi kudzera pa foni ya mlongo wanga Esinati. Zonse zidali zamtundu umodzi: iwo ali pa chiwongolero, chigongono pawindo, chipewa chopendekeka. Ndikaimba foni yoonana nkhope, ankandiyankhira m'galimoto momwemo. Ndinkawaseka kuti kodi amayi adakuthamangitsani m'nyumba? Iwo ankati, "Netiweki imagwira bwino muno. Komanso dalaivala ofesi yake ndi ino."

M'chaka changa chachisanu padapita miyezi iwiri osawamva mawu. Esinati adati foni yawo idagwera m'madzi pokweza nsomba, ndipo akutanganidwa poti ku chilumba cha Mbenji atsegulira nyengo yopha nsomba. Ndidakhulupirira. Nthawi ina mnyamata wa kwathu yemwe adangofika kumene ku Kepu adandiuza kuti, "Madala anu akulimba mtima ndithu ndi mwendo uja." Ine ndidangoti nyamakazi ndi ya m'banja mwathu, n'kuyamba kumufunsa za mtengo wa chimanga. Iye adandiyang'ana kaye, n'kundiuza mtengowo.

Uthenga wa maliro a abambo udandipeza m'mawa ndili ndi payipi m'manja, m'chaka chakhumi ndi chimodzi. Sindidabwere. Mapepala anga adali atatha kalekale, ndipo ndikadatuluka sakadandilolanso kulowa. Ndinene mosabisa, ndidaopa kutaya ntchito yotsuka magalimoto a eni. Nyimbo za kumanda ndidazimvera pa foni nditabisala kuseri kwa chimbudzi cha pa yadi, ndipo mpaka lero manyazi ake sadandichoke.

Patatha chaka yadi ija idatsekedwa, ndipo ndidabwerera ndi zikwama ziwiri. Amayi adandilandira bwino, osandifunsa chilichonse, zomwe zidandipweteka kuposa kukalipidwa. Chomwe adapempha ndi chimodzi: manda a abambo amangidwe chiliza mvula isanagwe, chifukwa mchenga wa kuno sumasunga manda, umangotitimira. M'thumba mwanga mudalibe zokwanira. Tidagwirizana zogulitsa pikapu, yomwe idali chiimire pabwalo, matayala atayamba kuphwa.

Wogula adapezeka msanga, bambo wina wa ku Lilongwe yemwe amatolera magalimoto akale n'kumabwereketsa pa maukwati. Atangoiona adaizungulira katatu, akuisisita ngati ng'ombe ya pamsika. Tidamvana mtengo wokwanira chiliza. Kenako adapempha bulubuku, pepala la umwini lija, n'kuyala katoni pansi, n'kulowa kunsi kwa galimoto ndi burashi yawaya. Ankafuna nambala yomwe imadindidwa pa chasisi, chitsulo chachikulu chija chomwe thupi lonse la galimoto limakhalapo. Adapala dzimbiri, adawerenga, adayang'ana pepala, adawerenganso.

"Achimwene," adatero akutuluka, "pepala ili ndi la galimoto ina, chitsulo ichi ndi cha galimoto ina. Sizikuyandikana n'komwe. Apolisi akaiona chonchi adzati ndi yakuba. Konzani kaye, mukatero mundiimbire."

Mawu oti yakuba adandiwotcha m'makutu. Abambo adali mkulu wa mpingo, munthu woti akapeza nsomba yoonjezera m'dengu ankaibweza. Ndidatsimikiza kuti kalaliki wina wakale adalemba molakwika, ndipo m'mawa mwake ndidakwera minibasi kupita ku ofesi yoona za magalimoto ku Lilongwe, nditakonzeka kukalipa.

Mayi yemwe ndidamupeza pa desiki adandisiya ndilankhule mpaka mpweya udandithera. Kenako adafufuza mu kompyuta n'kundiuza mofatsa kuti palibe adalakwitsa. Nambala ya pa pepala ndi yomwe galimoto ya abambo idabwera nayo. Nambala yomwe ndidakopera pa chitsulo ndi ya galimoto ina, yolembedwa m'dzina la munthu wina. Kuti akonze, pafunika bulubuku ya galimoto inayo, kalata yolumbira yofotokoza momwe chitsulocho chidasamukira, kalata ya apolisi yoti sichidabedwe, ndiponso galimotoyo ibwere adzaione ndi maso.

"Munthu winayo ndani?" ndidafunsa.

"Pano palembedwa kuti Saidi."

Ulendo wobwerera udanditalikira. Ndinkadzifunsa ngati abambo adamudyera mnzawo masuku pamutu, kapena adakangana n'kulandana katundu ine kulibe. Nditafika ndidapeza amayi akupeta mpunga womwe adagula ku Chinguluwe. Ndidawafunsa mosazungulira. Lichero lidaima pang'ono, kenako lidapitiriza.

"Kafunse a Che Saidi," adatero osandiyang'ana. Esinati, yemwe ankatsuka mbale pambali, adazisiya momwemo n'kulowa m'nyumba.

A Che Saidi ndidawapeza m'mawa akutembenuza usipa pa thandala kuseri kwa nyumba yawo. Adali atakalamba kwambiri, ndevu zonse mbuu. Pakona pa mpanda padali mutu wa pikapu yawo, wokhala pansi penipeni wopanda matayala, nkhuku ikufungatira mazira pa mpando wa dalaivala. Nditawafotokozera, adakhala pa benchi n'kundilozera malo pambali pawo.

"Wallahi, ndinamuuza Mbewe kuti chitsulo sichisunga chinsinsi," adatero. "Anthu tingatseke pakamwa, koma nambala ija idzayankhula."

Adandiuza kuti m'chaka chomwe foni idagwera m'madzi chija, foni sidagwere m'madzi. Abambo ankachokera ku Lilongwe kokagulitsa utaka, mvula ikugwa, ndipo cha ku Chitala pikapu idaterereka n'kugwera m'ngalande yakuya. Chasisi idapindika ngati uta. Mwendo wawo wamanja udapanikizika, ndipo kuchipatala adaudula m'munsi mwa bondo. Miyezi iwiri ija adali m'chipatala.



"Atangotsitsimuka anatiitana tonse, amayi ako, mlongo wako ndi ine," a Che Saidi adapitiriza. "Anati, mwana uja asamve. Akamva athawa ntchito, abwera kudzandinyamula ngati khanda, ndiye moyo wake uthera pano. Tinamukaniza, koma bambo ako ukuwadziwa. Kenako anati vuto ndi galimoto. Ukaiona yopindika pa chithunzi udziwa. Yanga inali itafa injini, ili pa miyala. Ndinati m'bale wanga, mapasa ndi amodzi, tenga mafupa a uyu uveke thupi la uyo. Amakanika anagwira masabata atatu pansi pa mtengo uwo. Za mapepala sitinaganizeko n'komwe. Ife timadziwa nsomba."

"Ndiye ankayendetsa bwanji?"

"Sanayendetsenso, mwana wanga. Mwendo wopondera mafuta ndi womwe unapita. Ndinkayendetsa ndine, iye ali pambali akundilangiza ngati sindidziwa msewu. Pa chiwongolero ankakhalapo tikaima, ndiponso iwe ukamaimba."

Ndidalira pa benchi paja ngati mwana, usipa ukuuma padzuwa, a Che Saidi atandigwira phewa. Zaka zisanu ndi chimodzi ndidakhala ndikuseka ndi munthu wopanda mwendo, n'kumamufunsa ngati amayi adamuthamangitsa m'nyumba.

Zotsalazo zidatenga masabata atatu. A Che Saidi adatulutsa bulubuku yawo m'chitini cha mabisiketi, itachita chikasu koma yathunthu. Tidapita limodzi ku khoti la pa boma, komwe adalumbira kuti chitsulocho adapereka okha mwa kufuna kwawo, osalandira kanthu. Kalaliki atafunsa chifukwa choti alembe, iwo adangoti, "Lembani kuti anali mnzanga." Apolisi adabwera, adagwada, adawerenga nambala, n'kutipatsa kalata yawo. Tidapopa matayala, tidabwereka batire, ndipo ndidaiyendetsa ndekha mpaka ku Lilongwe, a Che Saidi ali pambali akundilangiza ngati sindidziwa msewu. Podutsa cha ku Chitala adandilozera ngalande ija ndi chibwano. Sindidaime.

Pepala latsopano lidatuluka nambala zikugwirizana, ndipo dzina la abambo lidayera. Ndinkayesa ndisangalala, koma ndidangomva kutopa. Ine ndinkadziona wochenjera potsamira magalimoto a eni, kuganiza kuti wovutika amene akubisa ndi ine ndekha. Sindinkadziwa kuti kumudzinso adali kalikiliki kundikonzera chithunzi. Tonse tinkatumizirana zoti tili bwino, ndipo m'kusamalana komweko tidamanana zaka zomwe sizidzabweranso.

Wogula adati abwera Loweruka. Lachisanu masana ndidaganiza zoitsuka komaliza, poti ntchito yokhayo ndiyo ndidabwera nayo kuchokera ku Kepu. Nditapinda mpando kuti ndisese kumbuyo kwake, ndidapeza ndodo ziwiri zoyendera, zokulungidwa m'chitenje, mphira zake zitadyeka mbali imodzi. Ndidazitulutsa n'kuzitsamiritsa pa chitseko. Amayi adaziona ali pakhonde, ndipo adabwera pang'onopang'ono.

"Foni ikangolira ankaziponya kumbuyoko," adatero. "Tsiku lomaliza tidachita kuwanyamula kuchoka m'menemu, ndiye zidatsalira."

Ndidalowa n'kukhala pa chiwongolero. Mpando udali utakumbika potengera thupi lawo. Nditakweza maso ndidazindikira chinthu chomwe ndidakhala ndikuchidutsa masiku onsewa. Nyumba zonse za kuno zimaimika zinthu moyang'ana kunyanja, komwe kumachokera chakudya. Pikapu iyi, pamalo pake pomwe ndidaipeza ndi pomwe ndidaibwezera potsata mapazi a matayala, idafulatira nyanja. Pagalasi la kutsogolo pankaoneka njira yonse mpaka pa siteji pomwe minibasi zimatsitsa anthu.

"Adaiimika dala chonchi?" ndidafunsa.

"Ankakhala m'menemo masana onse," amayi adayankha. "Ankati tsiku lomwe udzatsike apo, adzakuimbira hutala ali momwemo. Ubwere pawindo, uwapatse moni ngati kale, muyambe mwaseka. Akatero ndiye adzatsegule chitseko uone wekha."

Adatola ndodo zija n'kuzikumbatira pachifuwa. Pa siteji minibasi ina idaima, n'kutsitsa mayi wa dengu la tomato ndi mnyamata wa chikwama kumsana, yemwe adaima kaye akuyang'ana uku ndi uku ngati wachokera kutali. Ndidatulutsa chigongono pawindo, n'kukanikiza pakati pa chiwongolero. Hutala idalira bwinobwino.