Mawu a M'dilamu

Anagogoda Lachiwiri m'mawa, ndikusita yunifolomu ya mwana wanga wamkazi. Anali apolisi awiri, ndipo kumbuyo kwawo kunali anthu a mumsewu wathu ku Mamelodi, ali chete, atapinda manja. Anatenga foni yanga ndi kope lomwe linali pabedi. Mwanayo, wa zaka khumi ndi zinayi, ndinangomuuza kuti, "Khoma chitseko, usatsegulire aliyense."

Ntchito yanga inali ya m'nyumba, koma Loweruka lililonse ndinkajambula masewero oopsa a kawailesi ka pa intaneti kamene Amalawi a ku Joni amamvera. Sabata iliyonse inali ndi nkhani yake: bambo amene chithunzithunzi chake chinapita kuntchito n'kumusiya pabedi, tekisi imene okweramo sankatsika. Mawu onse ndinkalankhula ndekha, nditafunda bulangete kuti phokoso lapanja lisalowe. Nkhani yomaliza inali ya mayi amene anapha mwini nyumba n'kumubisa m'dilamu la madzi, madziwo n'kuyamba kulankhula.

Agogo eni nyumba imene ndinkachita lendi anali atasowa pafupifupi sabata. Neba wina womva Chichewa pang'ono anandimva kudzera m'malata ndikuyeserera seweroli, ndipo anakanena kupolisi.

Lachitatu anandilowetsa m'chipinda chofunsira mafunso. Womasulira anali bambo wobadwira ku Zimbabwe, makolo ake a ku Dedza. Wapolisi wamkulu anatsegula foni yanga, mawu anga n'kumveka: "Ndamupinda miyendo, wakwana m'dilamu."

"Ndi mawu ako?"

"Ndi anga, koma ndi sewero."

"Ngati ndi sewero, sewera."

Ndinaimirira, ndinayika dzanja pakhosi, n'kulankhula ngati madzi aja. Poyamba anaseka, kenako analeka. Wamkuluyo anati, "Munthu sadziwa mawu a womira ngati sanamizepo munthu."

Womasulira atatuluka, mafunso anapitirira m'njira ina. Khutu langa lakumanzere silimva bwino mpaka lero.

M'selo tinalimo amayi ambiri, mabulangete ochepa. Zimenezo sizinkandivuta. Ndinkangoona nkhope za anthu aja atapinda manja, ndi chitseko chathu chamatabwa opyapyala. M'mawa uliwonse ndinkapempha mlonda wamkazi kuti andiimbire foni kunyumba. Tsiku lachisanu anandiyankha: "Ana a anthu obwera satayika, amangochuluka." Ndinasiya kudya, osati mochita kufuna. Chakudya sichinkatsika.

Tsiku lachisanu ndi chinayi ananditenganso. Ndisanafunsidwe kanthu ndinagwada pansi n'kuuza womasulira uja, "Achimwene, auzeni kuti ndivomera. Ndisaina kuti ndinapha. Koma wina apite akaone mwana wanga."

Wapolisi anafunsa chimene ndanena.

"Akuti sakudziwa kanthu," anatero womasulirayo m'Chingerezi. Kenako m'Chichewa chake chopotoka, osandiyang'ana: "Amayi, zimenezo sindinazimve. Nyumba yanu nambala chani?"

Womasulirayo anapita yekha kwathu Lamlungu. Lolemba, podutsa pakhonde, anandinong'oneza kuti chipinda chathu anthu anachithyola, koma mwana anali atatengedwa kale ndi mayi wina wa kutchalitchi kwathu, ali ku Nellmapius. Ndinakhala pansi pomwepo. Mlonda anachita kundikoka.

Tsiku la khumi ndi chisanu ndi chiwiri, Lachinayi masana, anaitana dzina langa. Agogo aja anali atabwerera okha. Anali ku Hammanskraal ku mapemphero a machiritso, foni atazimitsa, osatsanzika munthu. Apolisi anandibwezera foni, kope sanandibwezere. Palibe anapepesa. Wapakauntala anangoti, "Pita. Uzilemba zachikondi."

Ku Nellmapius ndinapeza mwana wanga atawonda, atavala zovala za eni. Sanalire. Anandigwira mkono, ndipo sanausiye mpaka madzulo. Kuntchito ndinapeza atalemba wina. Agogo nawo anatumiza uthenga woti ndisabwererenso, akuti sangasunge munthu woganiza zotere.

Anthu amati ndiyamike kuti chilungamo chinaoneka. Ndimayamika, koma ndikudziwa mmene ndinatulukira. Palibe amene anandikhulupirira kupatula munthu mmodzi wopanda mphamvu yotsegula chitseko. Ndinatuluka chifukwa nkhalamba ina yodwala inakwera tekisi n'kufika kwawo yamoyo. Ikanakomoka panjira, ikanafera kumapempheroko, bwenzi ndikadali mkati, mwina nditasaina. Ufulu wanga ndi wopyapyala choncho, ndipo ndimayenda nawo mosamala. Agogowo sitilankhulana, koma sindiiwala kuwapempherera moyo wautali.