Mapu a Ba Sulemani

Ndikakumbukira Ba Sulemani, ndimamva fungo la guluu wowira m'kachitini pa mbaula, losakanikirana ndi la utuchi, ndi kulira kwa kampeni kodulira galasi kamene kankatidzutsa m'mawa ku Kabwata, mu Lusaka. Anali mnansi wathu, nkhalamba yoonda ya kofia yoyera, ndipo ntchito yawo inali kukhoma mafelemu a zithunzi zaukwati ndi za Pulezidenti zopachika m'masitolo.

Pakhoma la pabalaza pawo panali chithunzi chimodzi chokha: mapu akale a doko la Kelimane ku Mozambiki, kumene anabadwira. Pepala lake linali litachita chikasu, mizere yopyapyala ngati tsitsi, zombo za matanga zitaima pamtsinje, linga ndi tchalitchi zili ndi mayina a Chipwitikizi. Ankati mmisiri wina anazokota zonsezo pa chitsulo asanazisindikize. Mapuwo anawasiyira ndi Mmwenye amene anawaphunzitsa ntchito.

Ndikaweruka kusukulu ndinkapita kukawagwirira misomali, iwo nkumandiyendetsa chala pagalasi la mapuwo kuchokera padoko kukwera msewu waukulu.

"Nanga nyumba yanu ili pati?" ndinafunsa tsiku lina.

Analoza m'mphepete, pamene panali timitengo ta kokonati tokhatokha. "Apa, Tisa mwana wanga. Mzungu anaona mitengo, ife sanatione. Mlongo wanga Amina ndinamusiya pomwepa, akusenda chinangwa."

M'zaka zimene ndege za ku Rodeshiya zinkaponya mabomba kufupi ndi Lusaka, anthu anayamba kuopa akazitape. Masana ena kunabwera anyamata olondera m'komboni, atamva kuti mlendo wina akusunga mapu.

"Mudala, ivi ni vichani? Mutumila bandani?" anakalipa wamkulu wawo, atachotsa kale felemu pamsomali.

Amayi anga anatuluka kubafa manja ali thovu. "Imwe, Ba Sulemani mukuwadziwa! Chithunzi cha ukwati wa amanu anakhoma ndani? Zombo za nsalu izi zingaphulitse chiyani?"

Anyamatawo anachita manyazi, nkhalambayo anaisiya. Koma mapu anapita nawo, akuti akawaonetse kwa akuluakulu. Ba Sulemani anawatsatira mpaka pageti, akupempha chinthu chimodzi chokha: "Musalipinde, ana anga. Pepalalo ndi lokalamba kuposa ine."

Mapuwo sanabwerenso. Ntchito ankagwirabe, koma ndinkawapeza atangogwira hamala, maso ali pa msomali wopanda kanthu. Mvula itatha anagawa zida zawo kwa anzawo a kumzikiti, nabwera kudzatsanzika kuti akubwerera ku Kelimane.

"Kuli nkhondo kumeneko, bambo," anatero amayi akulira.

"Ndikudziwa, amake Tisa. Kale ndinkapitako ndi maso tsiku lililonse. Tsopano ndiyenera kupita ndi miyendo."

Tinawaperekeza kukakwera basi ya ku Chipata. Anandisisita pamutu ndi dzanja lawo lokhakhala, nakwera ndi kasutikesi kamodzi. Sitinamvenso za iwo, kaya anadutsa malire, kaya anamupeza mlongo wawo.

Lero ndine gogo, ndimakhala ku Chelstone, pafupi ndi msewu wa kum'mawa. Ndikudziwa bwino kuti sangakhale ali moyo. Komabe basi yochokera ku Chipata ikaima ndili pasiteji, ndimasiya basi imene ndimadikira ipite, ndiyambe ndaona onse amene atsike.