Chala cha a Fainess

A Fainess Muhiwa anabadwira pa esiteti pompano, m'nyumba za kampani za ku laini ya kumunsi. Agogo awo anachoka ku Mozambiki wapansi kudzatchola tiyi, ndipo banja lonselo silinakhalepo ndi munda, ngakhale wa mizere itatu. Amuna awo anamwalira kalekale, ana awiri anapita ku Joni n'kungoti zii. Kwawo kwa a Fainess kunali nyumba nambala 14, basi. Malinga akugwira ntchito, nyumbayo inali yawo.

Ine ndine Doris, wa ku ofesi, amene ndimasamala makompyuta. Ndineneretu: amene anawapweteka mayiwa ndine, ngakhale sindinali ndekha.

Mayina a antchito onse amasungidwa m'kompyuta yaikulu ku likulu la kampani, timati seva. M'mawa munthu akafika pa shedi yoyezera tiyi amaika chala pa kamakina, kapulogalamu kamene ndinalemba ineyo kamafunsa seva, seva ikavomera ndiye kuti wabwera ku ntchito. Koma tiyi amadya zala, anthuni. Zaka makumi atatu ukutchola masamba awiri ndi kansonga, zala zimasalala ngati sopo wotsala pang'ono kutha. A Fainess anayesa kupaka chala pamphumi, anayesa malovu, kamakina osaona kanthu. Ndiye tinawapatsa khadi ndi nambala. Ku dera lawo wa khadi anali iwo okha.

Mu Januwale, mvula ili pakati, a ku likulu anasintha seva osatiuza n'komwe. Makhadi inasiya kulandira. Komatu sevayo sinaname. Sinanene kuti munthuyu sindikumudziwa, inkanena momveka kuti njira iyi yodzizindikiritsira sindiilandiranso. Vuto linali ine ndi ulesi wanga. Polemba pulogalamu ija, yankho lililonse losakhala inde ndinaliponya m'dengu limodzi, la anthu ojomba. Ndinkati zichitika liti zimenezo?

Tsiku loyamba kamakina kanayaka kofiira. A Fabiano, kapitawo wawo, anangoti, "Ndi netiweki iyi, mayi. Lowani m'munda, zikonzeka zokha." Mayi analowa. Mawa lake chimodzimodzi. Masiku khumi akunyowa ndi mvula, dengu kumsana, kompyuta ikulemba kuti sanabwere.

Lamulo lathu limati ukajomba masiku khumi osanena, wathawa ntchito. Kalata yokuchotsa ntchito imatuluka yokha, bwana amangosaina. Ine nthawiyo ndinali ku Changata, ku maliro a malume, ndipo nditabwerako ndinatanganidwa ndi makina a ku fakitale. A Fabiano akuti anapita kukachitira umboni ku ofesi, anawayankha kuti kompyuta siiwala, oiwala ndi anthu. Asa! A Fabianowo anandipeza patatha milungu itatu, chipewa chili m'manja.

"Achemwali, mayi aja anawatulutsa m'nyumba. Inu simunaone kanthu m'makina mwanumo?"

Ndinatsegula pamene pulogalamu imasunga zochitika. Mizere khumi, m'mawa uliwonse isanakwane sikisi koloko, khadi la a Fainess, yankho lomwelomwelo. Sanachedwepo ngakhale tsiku limodzi. Kukonza kwake sikunanditengere ndi ola lomwe: yankho limenelo likabwera, pulogalamu isalembe kujomba, iitane munthu wa ku ofesi.

Ndinathamangira kwa a Peterson, bwana woona za antchito, pepala lili m'manja. Anawerenga, anapukusa mutu, anati pepani. M'nyumba 14 munali mutalowa kale banja lina, la ana anayi. Dzina la mayi linali litafufutidwa ku seva.

"Abwere adzalembetse ngati watsopano," anatero a Peterson, "tidzawaganizira nyumba ikapezeka."

"Bwana, kulembetsa masiku ano kumafuna chidindo cha chala."

Anangotambasula manja. Za ku likulu, akuti, iwo sangazisinthe.

Loweruka ndinakwera kabaza mpaka ku Khonjeni. A Fainess ndinawapeza pakhonde la alamu awo, mlongo wa malemu amuna awo, kumene akuwagoneka kukhitchini pamodzi ndi nkhuku. Katundu wawo yense anali m'matumba awiri a feteleza. Anandiyalira mphasa, mwaulemu wonse, ngati ndine mlendo wabwino. Manyazi anandigwira. Ndinawafotokozera zonse, za seva, za kulakwa kwanga, osabisa.

"Ndiye zadziwika kuti sindinathawe?" anafunsa.

"Zadziwika, mayi."

"Chabwino. Lolemba ndibwera. Kuno andipatsa mpaka mwezi uno kutha."

Ndinayenera kuwauzanso zotsalazo, za nyumba ija ndi za kulembetsanso ndi chala. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anatembenuza manja awo onse awiri pamaondo, n'kumayang'ana zala chimodzichimodzi.

"Mwana wanga," anatero, "zanga zinathera m'munda mwanu momwemo. Ndiye ndikabwereke cha ndani?"