Tsiku Limene Mawu a Muallimu Ghatasi Anauma

Ghatasi anachita khungu ali mwana, nthenda ya maso itadutsa m'mudzi mwawo kufupi ndi mzinda wa Asiyuti. Bambo ake ataona kuti kumunda wa tirigu sakathandiza kanthu, anakamupereka kwa mkulu woyimbitsa nyimbo kutchalitchi. Kumeneko analoweza nyimbo zonse za mpingo wawo wachikoputiki ndi khutu, zina zotalika moti liwu limodzi umalikoka mpaka miyendo kuchita dzanzi. Atakula nayenso anakhala Muallimu, woyimbitsa pa mapemphero ndi kuphunzitsa anyamata.

Koma anyamatawo anayamba kutha. Ena anapita ku Kuwaiti, ena anawoloka nyanja kulowera ku Italiya, kuphatikizapo mwana wake Bishoyi. Otsalawo ankangozungulira ndi matukutuku, njinga zamoto zonyamula anthu, nyimbo zapafoni zili phokoso.

"Mpingo ukufa," ankadandaula Ghatasi uku akusunsa buledi m'nyemba za m'mawa.

"Ukufa pati, bambo a Bishoyi?" ankayankha mkazi wake Tafida. "Kumbali ya amayi timachita kukhalirana pamiyendo. Vuto lanu mumawerenga ndevu zokha."

"Ndevuzo ndizionera kuti ine?"

Tsiku lina kunabwera Yustina, namwino wa pachipatala chaching'ono cha m'mudzimo.

"Muallimu, ndiphunzitseniko nyimbo yoikira Ambuye m'manda."

"Mwana wanga, iwe zibaya anthu jakisoni. Imeneyo ndi ya madikoni, amuna."

"Amunawo ali kuti?"

"Abwera," anatero Ghatasi, n'kutembenukira kukhoma.

Sabata yokumbukira masautso a Ambuye inafika ndi mphepo yafumbi, ndipo inamugwira Ghatasi pakhosi. Tafida anamumwetsa uchi ndi mandimu, koma sizinathandize. Lachisanu madzulo tchalitchi chinadzaza, mizati ataikulunga nsalu zakuda, anthu ali ndi njala ya kusala. Ghatasi anayamba nyimbo ija bwinobwino. Atafika pakati, mawu anangoti zii. Anayesanso, panatuluka mpweya wokha. Madikoni okalamba amene anali pambali pake anazolowera kutsatira iye, ndiye nawonso anasowa polowera. Wansembe, Abuna Sarabamoni, anaima ndi maluwa m'manja, kudikira.

Kumbali ya amayi kunamveka liwu la Yustina, lonjenjemera, likutola nyimbo pamene inagwera. Amayi ena anamulandira, Tafida ali momwemo. Anakhala akuimva kuyambira ali kumsana kwa amayi awo.

Ghatasi magazi anamuwira. Anafuna kugogoda ndodo pansi kuti akhale chete. Koma nyimbo inali kuyenda, ndipo Abuna anali atayamba kale kuwaza maluwa pa chithunzi cha Ambuye. Ghatasi anasiya ndodo, n'kumawomba dzanja pantchafu kuti asathamange, misozi ikulowa m'ndevu.

Pasaka atadutsa anauza Tafida kuti amutsogolere kuchipatala. Yustina anadzidzimuka.

"Muallimu, pakhosi paja?"

"Ayi, ndabwera kudzapepesa. Ndinkayesa kuti nyimbozi ndikuzisunga ndine. Mwini wake, Ambuye, anali kuzisunga kumene ine sindinkafuna kumvetsera." Anakhosomola. "Komabe munalakwitsa malo angapo. Chakumapeto kuja munayimba ngati mukuthawa galu. Ubwere Lachitatu, ndi anzakowo."

Akuluakulu ena anang'ung'udza, koma Abuna anati amayiwo aziyimba ali pamalo awo, ndipo amene zikumuwawa abwere aphunzire awapose. Ena anabweradi.

Masiku ano benchi la maphunziro silikwanira. Pamakhala atsikana a sukulu, amayi oyamwitsa, ndi bambo wina wogulitsa anyezi amene amachedwa nthawi zonse. Yustina amajambula mawu pafoni kuti odwala amene sangayende azimvera kunyumba.

"Kachitsulo kakoko kamapuma?" Ghatasi anamufunsa tsiku loyamba.

"Sikapuma, Muallimu."

"Ndiye kauze kuti apa munthu amakoka mpweya. Tiyeni, tiyambirenso. Iwe wa anyezi, tsegula pakamwa!"