Foni inati moto uli kutali

Izi ndikukuuzanizi si zopeka ayi, anthu akwathu kuno ku Biriwiri akhoza kundiikira umboni, kungoti iwowo adzayambira pa nkhani ya chidebe chifukwa ndi imene imawakomera. Basi ndiyambire pomwepo ndekha.

Mwana wanga wamkazi ali ku Joni, ndiye mayi ake atamwalira ananditumizira foni yamakono, ati kuti ndisamangocheza ndi nkhuku. Ine sukulu sindinapite nayo patali koma kuwerenga ndi matenda anga, ngakhale pepala lokulungira usipa ndimayamba ndaliwongola kaye. M'fonimo ndinapezamo mapu ochokera ku makina aja amazungulira kumwamba, masetilaiti, oonetsa timadontho tofiira pamene pali moto ndi timivi toloza kumene mphepo ikulowera. Tsiku lina m'mawa ndinaona kadontho pamudzi pathu penipeni, ine chidebe m'manja, liwiro, kukuwa kuti moto! Anthu kutuluka, ena sopo ali kumaso, moto wake osaoneka. Anali mapesi amene munthu anatentha dzulo lake, phulusa litazizira kale. Anandiseka mpaka kutchalitchi, ndipo kuyambira pamenepo ndinasiya kuuza anthu zanga, ndinkangotuluka n'kulowa ngati mlendo.

Chaka chimenecho ndinamweta udzu wofolera nyumba kuphiri, koma poti wotuta ndinali ndekha, mitolo yambiri inatsalira komweko mpaka dzuwa la Okutobala. Denga langa linali litabookabooka, mvula ikanandipeza choncho ndikanagona pati? Utsi unkaoneka chakumbali ya Mozambiki, koma foni inati motowo uli kutali kuseri kwa mapiri, ndipo timivi tonse tinkaukankhira komweko. Ndinanyamuka chakumasana ndi botolo la thobwa komanso jekete lakale la malemu bambo anga, la kumigodi, loti ndipange nkhata. Sindinatsanzike munthu, nanga ndikanatsanzika ndani?

Ndili mkati momanga mtolo, mphepo inangoti zii, kenako inandiwomba kumaso, yotentha ngati yochokera m'ng'anjo, pamene poyamba inkandiwomba kumsana. Timaphulusa takuda tinayamba kundigwera pamikono. Kumunsi, kumene kunali njira yanga yobwerera, ndinamva phokoso ngati mvula yamphamvu padenga la malata, ndipo mbalame zinali piringupiringu kuwakha ziwala zothawa. Mukudziwa chimene ndinachita, ine munthu wamkulu? Ndinatulutsa foni. Netiweki kunalibe, chithunzi chinali chomwe chija cha m'mawa, kadontho kali phee kutali, pamene moto weniweni ukukwera phiri kuposa mmene munthu angathamangire.

Ndinataya mtolo n'kuthamangira pathanthwe lina lalikulu lopanda udzu, chifuwa chikulira. Ndinagona chafufumimba pakati pake, ndinathira thobwa lonse pajekete n'kudzifunditsa kumutu. Mwalawo unkawotcha pamimba, moto ukuwotcha kumsana, utsi osalola ngakhale kupemphera mokweza. Mbewa ndi abuluzi zinathawiranso pomwepo, zina zikundiyenda m'miyendo, koma palibe anakangana ndi mnzake. Ndinakuwa ndithu, ndipo dzina limene linatuluka linali la mkazi wanga, munthu woti ali kumanda. Chimene chinandiopsa kwambiri sichinali kupsa ayi, koma kudziwa kuti padziko lonse panalibe munthu amene akanati uje wachedwa kubwera. Akanandipeza liti, ndipo akanayambira kuti kufunafuna?

Moto utadutsa ndinadzuka, tsitsi litawauka, matuza m'zigongono, phiri lonse lakuda likufuka. Pamene panali mitolo yanga panali milu ya phulusa. Ndinatsika pang'onopang'ono, mapazi akupsa m'nsapato.

Pambuyo pake ndinawerenga kuti makina amene amaona timoto ta m'tchire amangodutsa kangapo patsiku, ndiye chimene ukuona m'manja ndi nkhani yakale, komanso mphepo ya m'makwalala a mapiri imatembenuka masana, timivi tija osadziwa. Makinawo sindikuwanyoza, mpaka lero ndimawayang'ana ndipo amathandiza, koma ndikukhulupirira kuti amaona moto, saona munthu amene ali pakati pake. Inu anzanga, nyengo ya moto musakwere phiri masana chifukwa choti foni yalola, ndipo musachoke pakhomo popanda wodziwa kumene mwalowera.

Mawa lake kunabwera mkulu wa nyumba yoyandikana ndi yanga, amene timaitanana kuti alamu, mmodzi wa ondiseka kwambiri aja. Anandiyang'ana mutu wowaukawo, ine ndikudikira chipongwe, koma anangokhala pansi pakhonde. Kenako anandiuza kuti motowo anauona onse, anaima panja iye ndi akazi ake akuuonerera ukukwera, mpaka anauzana kuti mwayi wake kuphiriko kulibe munthu. Ati alamu, inu mumatiyesa afiti kapena chiyani, ife kuombera m'manja kuno inu mukupsa uko? Ati udzu uli kuseri kwa khola lake ndikatenge, koma ulendo wina ngakhale ndikupita kuchigayo ndizikuwa pampanda, andiyankhe asandiyankhe.